Sikirini ikugwedera, sikuluwu ikungozungulira: kukonza hinjesi ya laputopu kugombe la Chilwa

Laputopu sinalinso katundu wa m'tauni mokha. Pa Jali, pa Govala, mpaka padoko la Kachulu kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, muipeza m'chikwama cha mphunzitsi amene akuwonjezera maphunziro, cha mlangizi wa zaumoyo, cha mwana wa ku University of Malawi amene wabwera kutchuthi, ndiponso pathebulo la mnyamata woika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni a asodzi. Ambiri mwa makinawa anafika kuno atatumikira kale eni ena kunja. Mkati amakhala adakali amphamvu, koma popindikira sikirini mpamene pamayamba kutha. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene munthu amakhala nawo akaona kona ya laputopu yake yayamba kuyasama, mmisiri ali ku Zomba, mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera pa Kachulu.

Ndikamatsegula, kona imodzi ikuyasama ndipo pakumveka kuthetheka. Chathyoka n'chiyani?

Sikirini imagwiridwa ndi mahinjesi awiri achitsulo, imodzi kumanzere, ina kumanja. Hinjesi iliyonse ili ndi mapiko awiri: lina limamangidwa kuthunthu la laputopu kumene kuli kiyibodi, lina kuchivundikiro chimene chanyamula sikirini. Masikuluwu ake ndi aang'ono zedi, ambiri a mamilimita 2 kapena 2.5 m'mimba mwake, amene m'mabuku a okonza amalembedwa M2 ndi M2.5.

Sikuluwu yotere singagwire bwino mu pulasitiki yokha. N'chifukwa chake kufakitale amatenga tinati tamkuwa, tokhala ndi mazinga mkati ndi mano kunja, n'kutimiza m'tizitsa ta pulasitiki itafewetsedwa ndi kutentha. Pulasitikiyo ikazizira imaluma manowo, kanati n'kukhazikika. Sikuluwu imadutsa m'phiko la hinjesi n'kukalowa m'kanatiko. Mphamvu yonse yotsegulira ndi kutseka imathera pa tizitsa timeneti, chonsecho khoma la kachitsa kamodzi ndi lopyapyala kwambiri.

Kona ikayasama, ndiye kuti phiko la hinjesi lasiya kugwira pansi ndipo likunyamuka limodzi ndi sikirini, n'kumakankha chikuto cha laputopu kuchokera mkati. Kuthetheka mukumvako ndi timano ta chikuto timene tikumasuka, kapena pulasitiki imene ikupitiriza kung'ambika.

Bwanji osangomanga sikuluwuyo mwamphamvu n'kuthana nazo?

Mukatulukira msanga, nthawi zina kumanga kokhako n'kokwanira. Sikuluwu yongomasuka imadziwika: imazungulira pang'ono, kenako imalimba n'kuima. Koma ikamangozungulira osafika poima, chotsani dzanja pomwepo. Mukamapitiriza mukungopera chimene chatsala.

Zikatero anthu amati mazinga atha, ndipo nthawi zina n'zoona, pakuti mkuwa ndi wofewa kuposa chitsulo cha sikuluwu. Koma mukatsegula malaputopu a pulasitiki, kawirikawiri mumapeza zina: mazinga ali bwinobwino, kanati kakadali kokakamira kusikuluwu, koma kachitsa ndiko kang'ambika, moti kanati kakuzungulira limodzi ndi sikuluwu. Gwedezani laputopu pafupi ndi khutu. Mukamva tinthu tikuyendayenda mkati, ndi zidutswa za kachitsako, mwinanso kanati kamene. Musazitaye, zidzafunika. Ndipo musayatse makina kanati kakuyendayenda, chifukwa kachitsulo kakagona pa bodi yamagetsi kangathe kuotcha zinthu zodula kuposa hinjesi.

Pali chinanso chimene chimayasamitsa laputopu koma hinjesi ilibe mlandu. Ngati potupa ndi kutsogolo, pamene mumayendetsa chala, kapena pansi pafufuma moti makina sakukhazikika pathebulo, limenelo ndi batire lotupa. Batire lotere silimangidwa, silibooledwa, silipanikizidwa. Limachotsedwa, chifukwa lingathe kuyaka.

Ine ndimaisamala, sinagwepo. Nanga chinazula kanatiko n'chiyani?

Hinjesi yeniyeniyo. Apa mpamene pagona nkhani yonse, ndipo mpamene okonza ambiri amaphonya.

Hinjesi ya laputopu anaipanga kuti izikana pang'ono, kuti sikirini iziima pamene mwaisiya, osagwa chagada kapena kudzitsekera yokha. Kukanako kumachokera ku tiwashala topanikizana pa kashafuti, kapena ku kachitsulo kokulunga kashafutiko mothina, ndipo pakati pamakhala girizi. Makampani ena amanena kuti mahinjesi awo amawayesa powatsegula ndi kuwatseka maulendo 20,000 kapena kuposa, koma mayesowo amachitika makina ali atsopano, girizi adakali wofewa.

Kuno girizi amakumana ndi zina. Kutentha kwa mu Okutobala pansi pa malata kumamuumitsa. Fumbi la m'misewu yopita kunyanja limalowa n'kusakanikirana naye. Pajanso Chilwa ndi nyanja yopanda mtsinje wotulutsa madzi: Likangala, Domasi, Thondwe ndi mitsinje ina imathiramo, madzi amachoka ndi dzuwa, mchere n'kumatsalira. Ikaphwa kwambiri, monga mu 1995 ndi mu 2018, mphepo imanyamula fumbi la pansi pake n'kulowa nalo m'nyumba. Fumbi lotere likakumana ndi chinyezi cha dzinja, chitsulo chimachita dzimbiri. Choncho hinjesi imauma pang'onopang'ono mwini wake osazindikira, popeza dzanja limazolowera. Lero mukankha pang'ono, chaka chamawa mukukankha kwambiri, koma kwa inu zikuoneka chimodzimodzi.

Tsono taonani masamu ake. Chivundikiro cha laputopu ya mainchesi 15.6 chimatalika masentimita oposa 20 kuchokera pa hinjesi kufika pamwamba pamene mumagwira. Masikuluwu ali pafupi ndi kashafuti, mtunda wa masentimita 1 kapena 2 okha. Ndiye kuti chivundikirocho chasanduka mgwala wozulira chitsa: mphamvu ya chala chanu ikamafika pa tizitsa imakhala itachuluka kakhumi kapena kuposa. Hinjesi ikakhala yofewa bwino, mphamvuyo imathera pa kuzungulira. Ikauma, chitsulo sichigonja ayi, yogonja ndi pulasitiki. Ndipo pulasitikiyo ndi yokalamba kale, makamaka mbali imene fani imatulutsira mpweya wotentha, yomwe pa malaputopu ambiri ili pafupi ndi hinjesi.

Zizolowezi nazo zimathandizira. Kutsegula mutagwira pakona kumasenzetsa hinjesi imodzi katundu wa ziwiri. Kunyamula laputopu mutagwira sikirini, kuitseka cholembera chitatsalira pa kiyibodi, kuithinitsa pakati pa mabuku m'chikwama chomangidwa ndi mphira pa kabaza, zonsezi ndi nkhonya zopita pamalo amodzi.

Komabe sindingasenzetse eni makina mlandu wonse. Kompyuta yopinda ya GRiD Compass, imene inatuluka mu 1982 itakonzedwa ndi Bill Moggridge, inali ndi chikuto cha magnesium ndipo inkalemera makilogalamu pafupifupi 5. Kuchokera nthawi imeneyo ogula akhala akufuna yopepuka, yopyapyala, yotsika mtengo. Kuti zitheke, opanga amachepetsa pulasitiki pamalo omwewo pamene pamafunika yambiri.

Ndalama zokonzetsera ndilibe pakali pano. Ndingapitirize kuigwiritsa ntchito?

Mungathe, bola muleke kuitsegula ndi kuitseka. Ipezereni malo amodzi, muisiye yotsegula, kumbuyo kwa sikirini muyedzekeko mabuku, usiku muziiphimba ndi nsalu. Zikavuta kuti muyende nayo, tsekani mutatsina kona yodwalayo ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, kuti phiko la hinjesi lisanyamuke, dzanja linalo likutsitsa sikirini pang'onopang'ono mutagwira pakati.

Chifukwa chake n'chakuti pa hinjesi sipadutsa chitsulo chokha. Pamadutsa kebulo yopititsa zithunzi ku sikirini, imene pa makina ambiri ili ndi timano 30 kapena 40, komanso timawaya tiwiri ta Wi-Fi, nthawi zambiri kakuda ndi koyera. Pa malaputopu ena polowetsa chaja pali pomwepo, mwinanso pamapanikizidwa ndi phiko la hinjesi. Hinjesi yozuka imapana zonsezi, ndipo ikakhala ya mbali ya chivundikiro imatha kukankha galasi mpaka kulisweka. Vuto la guluu wa ndalama zochepa limasanduka la sikirini yatsopano.

Lero lomwe koperani zolemba zanu pa fulashi. Amene ali ndi ntchito ya kusukulu yoti apereke, kapena malipoti a mwezi, ayambe ndi zimenezi asanagwire sikuluwu ina iliyonse.

Anzanga akuti ndithire supaguluu ndi soda. Sizigwira?

Zimagwira tsiku loyamba, n'chifukwa chake njirayi ili ndi otsatira ambiri. Supaguluu akakumana ndi soda wophikira therere amauma nthawi yomweyo n'kukhala gwa. Koma kulimba kwake n'kophwanyika. Hinjesi imakoka ndi kukankha malo amodzimodzi tsiku ndi tsiku, ndipo chinthu chosapindika ngakhale pang'ono chimathera kusweka, mwinanso kunyamula pulasitiki ina imene inali yabwino.

Supaguluu alinso ndi khalidwe loyenderera. Dontho limodzi likalowa pa kashafuti, hinjesi youma kale ija yamangika kotheratu. Likalowa m'mazinga, sikuluwu sidzatulukanso. Nthunzi yake imasiya zoyera pa galasi ndi pa chikuto. Ntchito imene ndingamupatse ndi imodzi: kugwirizira zidutswa za kachitsa m'malo mwake kuti zisasunthe pamene mukuthira guluu weniweni.

Chenjeraninso ndi mankhwala abuluu amene amakaniko a njinga zamoto amadonthezera pa mabawuti kuti asamasuke. Pa chitsulo ndi abwino, koma akakhudza pulasitiki ya mtundu wa ABS, imene zikuto zambiri zimapangidwa nayo, amaing'ambitsa. Kabuluu kamene mumakaona pa masikuluwu a kufakitale n'kouma kale, si kamadzi.

Ndiye ndiyambire pati?

Yambani ndi kufewetsa hinjesi. Kumata kanati hinjesi idakali youma n'kungosankha tsiku limene idzazukenso.

Zimitsani makina, chotsani chaja, chotsani batire. Ngati batire ndi la mkati, mukangotsegula chikuto cha pansi muyambe mwazula pulagi yake pa bodi. Ichi si chongonena: kebulo ya sikirini imanyamula magetsi ngakhale makina atazima, ndipo kuigwedeza batire lili lolumikizidwa kungathe kuotcha fyuzi ya kuwala kwa sikirini, laputopu n'kumayaka koma osaonetsa kanthu.

Gwirirani ntchito pathebulo, masana, osati pamphasa, chifukwa sikuluwu ya mamilimita 3 ikagwera m'mipata ya bango mwaiwala. Jambulani laputopu papepala, sikuluwu iliyonse muziiika pamalo pamene mwaichotsa. Muzijambulanso ndi foni musanachotse china chilichonse, makamaka njira imene timawaya tadutsa. Chikuto chimatsegulidwa ndi khadi lakale la pulasitiki, osati mpeni. Sikuludiraiva ikhale yolingana ndi mutu wa sikuluwu, PH0 kapena PH1 pa makina ambiri. Dell, HP ndi Lenovo amaika pa intaneti mabuku aulere osonyeza katsegulidwe ka makina awo ndi kukula kwa sikuluwu iliyonse, ndipo iFixit, imene inayamba mu 2003 ku America, ili ndi zithunzi za sitepe ndi sitepe. Mukakhala pamalo pamene netiweki ikugwira bwino, sungani buku la makina anu m'foni.

Hinjesi ikaonekera, yesani kuipinda ndi zala. Ikakana mpaka kufuna pulayala, mwamupeza wolakwa. Yang'anani kumapeto kwa kashafuti. Mahinjesi ambiri ali ndi kanati kamene kamapanikiza tiwashala. Kabwezeni m'mbuyo pang'ono zedi, gawo limodzi mwa magawo anayi a kuzungulira kumodzi kapena kucheperapo, kenako yesaninso. Mahinjesi ena alibe kanati. Amenewo donthezani dontho limodzi la oyilo wa makina osokera pa kashafuti, n'kumapinda uku ndi uku mpaka dzimbiri ndi girizi wakale zitatuluka, n'kupukuta. Mafuta ophikira ayi, amenewo amanata akakhalitsa.

Muyezo wake ndi uwu: sikirini iziima pamene mwaisiya, koma izitseguka popanda thunthu kunyamuka nayo mwamphamvu. Ikafewa mopitirira moti ikugwa yokha, mangani kanati pang'ono. Ine ndimakonda hinjesi yofewerapo kuposa yolimbirapo. Sikirini yogwedera pang'ono mukamalemba ndi yosowetsa mtendere, koma sithyola kanthu. Ndipo fewetsani mahinjesi onse awiri. Inzakeyo yadya fumbi lomwelo zaka zomwezo.

Kanati ndili nako, kachitsa ndiko kang'ambika. Ndikabwezera bwanji?

Guluu woyenera ndi epoxy, uja wa machubu awiri amene mumasakaniza mofanana. M'mashopu a hadiweya amapezeka m'maina ngati Pratley Steel ndi Araldite, ndipo amakaniko amamudziwa bwino. Pali wogwira m'mphindi zochepa ndi wochedwa. Wochedwayo amakupatsani nthawi yolinganiza zinthu, ndipo kawirikawiri amalimba kuposa wachangu.

Epoxy sagwira pa mafuta kapena pamalo osalala. Choncho pukutani malowo ndi sipiriti, makamaka ngati mwangothira oyilo pa hinjesi, kenako kandani pulasitiki yozungulira kachitsa ndi sandipepala kapena nsonga ya singano yaikulu mpaka pakhale pokhakhala. Tsukaninso kanati, chotsani pulasitiki yakale m'mano mwake.

Chovuta ndi kukhazika kanati pamalo ake enieni. Kakapatuka theka la milimita, bowo la hinjesi silidzakumana nako. Njira yosavuta ndi kugwiritsa ntchito hinjesi yomweyo ngati muyezo. Pakani Vaseline pang'ono m'mazinga a sikuluwu ndi kunsi kwa phiko, kuti guluu asagwirepo. Lowetsani sikuluwu m'bowo la phiko, mangirani kanati kunsi kwake. Ikani epoxy m'dzenje la kachitsa ndi mozungulira, pogwiritsa ntchito kamtengo ka machesi, kenako tsitsani phikolo kuti tinati tilowe m'malo mwake. Ngati pali sikuluwu ina imene ikugwirabe, imangeni kuti iwongolere zinzake. Panikizani ndi chopanira zovala kapena ikani chinthu cholemera pang'ono pamwamba.

Musaumire guluu m'mbali. Mphamvu ya kukonzaku ili pa kukula kwa malo amene epoxy wagwira, choncho muyaleni kuzungulira kachitsa mpaka akakhudze timizere ta pulasitiki toyandikana nako. Koma musamuunjike kupitirira msinkhu wa kachitsa kakale, chifukwa chikuto chidzakana kutsekeka. Timawaya tikankhireni pambali ndi tepi. Waya wa Wi-Fi womira mu epoxy sadzachotsekanso osaduka.

Kenako siyani maola 24. Ngakhale pachubu palembedwe mphindi 5, imeneyo ndi nthawi yogwira, si yokhwima. Ambiri amagwa pomwepa: amagwira ndi chala, aona palimba, n'kuyesa kutsegula sikirini madzulo omwewo. Mawa lake masulani masikuluwu, pukutani Vaseline, bwezerani zonse. Pomanga, sikuluwu ikangolimba imani. Zala zitatu pa sikuludiraiva n'zokwanira, osati chikhatho chonse.

Ngati kachitsa ndi kathunthu koma kanati kangosolomoka, wokonza mafoni amene ali ndi chowotcherera mtovu angathe kukatenthetsa n'kukamiza pang'ono kuti pulasitiki ikalumenso. Komabe ndi bwino kuzungulizapo epoxy, chifukwa pulasitiki yosungunulidwa kachiwiri siimalimba ngati poyamba.

Kwa ine palibenso chotsala, pulasitiki yonse pakona yaphwanyika. Ndiitaye?

Ayi. Pali njira ina yosakongola koma yolimba kuposa mmene makinawo anachokera kufakitale: kubowola mpaka kunja n'kumanga ndi kabawuti ndi nati.

Ngati ndi mbali ya chivundikiro, chotsani felemu ndi galasi lenilenilo, muliike patali. Ikani phiko la hinjesi pamalo ake, lembani pamene pali mabowo, bowolani bowo la mamilimita 2 kapena 2.5 mpaka litulukire kumsana kwa chivundikiro. Kabawuti kalowe kuchokera kunja, mutu wake utakhala pa kawashala, nati ikhale mkati. Kotalika muyenera kukadula, chifukwa nsonga yotsala idzatsamira galasi. Pamene pulasitiki yang'ambika kwambiri, dulani kachidutswa ka chitini kapena ka aluminiyamu, mukaike kunja kuti tibawuti tonse tidutsemo. Katero katundu amagawanika pamalo aakulu m'malo mothera pa bowo limodzi. M'mphepete mwa kachidutswako mupale kuti musamacheke dzanja kapena chikwama.

Mbali ya thunthu njira ndi yomweyo, koma onetsetsani chimene chili kunsi musanabowole. Bodi, kebulo, sipika kapena batire zisakhale m'njira. Popanda chobowolera chamagetsi, chamanja cha kalipentala chimakwana ngati chili ndi kamsomali kake kakang'ono. Pulasitiki imaboolekanso ndi singano yaikulu yotenthetsa pamoto, malinga ngati batire lili kutali.

Ena amachita manyazi ndi mitu ya tibawuti yoonekera kumsana kwa laputopu. Kwa ine, makina amene amakwera kabaza ndi kuwoloka paboti kupita ku chilumba cha Chisi akuyenera njira imeneyi kuposa ya guluu. Mukafuna, matanipo sitika.

Bwanji ngati mazinga athadi, kapena mutu wa sikuluwu wadyeka?

Mazinga akatha m'kanati kamkuwa, chosavuta ndi kusintha kanatiko. Okonza makompyuta amakhala ndi zikuto za makina akufa, ndipo tinati timachotseka potitenthetsa. Akatha pa sikuluwu yokha, mwapulumuka, ingopezani ina yofanana. Makina ena ali ndi felemu lachitsulo limene mazinga anadulidwa momwemo. Pamenepo mmisiri wokhala ndi chodulira mazinga angathe kukulitsa bowo la M2 kuti lilandire M2.5. Musakakamize sikuluwu yaikulu m'bowo laling'ono popanda kudula mazinga. M2 imayenda mamilimita 0.4 pa kuzungulira kumodzi, M2.5 imayenda 0.45, ndipo zikakanirana sikuluwu imadukira mkati.

Posintha sikuluwu, utali ndi wofunika kuposa zonse. Yotalikirapo milimita imodzi yokha ingathe kutupitsa chikuto, kukhudza bodi kapena kuswa galasi. Ikani yatsopano pambali pa yakale muone ndi maso.

Mutu ukadyeka, yambani mwayesa sikuludiraiva ina yakuthwa, yokulirapo pang'ono, mutapanikiza kwambiri pansi n'kumazunguliza pang'onopang'ono. Kampira kopyapyala pakati pa sikuludiraiva ndi mutu nthawi zina kamathandiza. Mutu ukakhala wotumphuka, ugwireni ndi pulayala ya mlomo wautali. Zikakanika, pamadulidwa kamzere pamutupo kuti palowe sikuludiraiva yafulati, koma tizitsulo topalika tisagwere pa bodi.

Ndikasankha kupita nayo kwa mmisiri ku Zomba kapena ku Limbe, ndimufunse chiyani?

Ngati makina ndi a kuntchito, kapena galasi lake ndi lomatidwa ndi tepi m'malo mwa masikuluwu, monga zilili ndi malaputopu opyapyala a masiku ano, kupita kwa mmisiri ndi nzeru. Galasi lotere limasweka m'manja mwa munthu wosazolowera.

Funso loyamba likhale lakuti, "Amisiri, hinjesiyo muifewetsanso, kapena mungomata?" Yankho lake likuuzani ngati mwafika pamalo oyenera. Lachiwiri, guluu wake ndi wanji. Akati dikirani pabenchi, ikhala itatheka mu theka la ola, dziwani kuti ndi supaguluu. Ntchito ya epoxy imafuna kuti makina agone komweko, choncho konzekerani maulendo awiri kapena pogona. Polandira, tsegulani ndi kutseka pamaso pawo kangapo, yang'anani ngati Wi-Fi, kamera ndi chaja zikugwira, ndiponso ngati masikuluwu onse a pansi abwerera.

Mmisiri angakuuzeni kuti mugule chikuto china. Njira imeneyi ndi yaukhondo, koma zipangizozi zimachokera kunja, ndipo kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse choitanitsa chinakwera mtengo. Chikuto chochokera ku makina akufa n'chotsikirapo, koma pulasitiki yake ndi ya msinkhu womwewo ndi yanu. Chiyang'aneni tizitsa take musanalipire. Ndipo kaya chikuto n'chatsopano kaya n'chakale, akabwezeramo hinjesi youma ija osaifewetsa, mudzabweranso.

Ndikufuna kugula laputopu yogwirapo kale ntchito. Ndione chiyani?

Iikeni pathebulo, itseguleni ndi chala chimodzi mutagwira pakati. Thunthu likanyamuka kwambiri, hinjesi ndi youma. Itsegulitseni ndi kuitseka maso anu ali pamakona, kutsogolo ndi kumbuyo. Mpata ukamatseguka ndi kutsekeka, kachitsa kapita kale. Zoyera zouma pakona ndi chizindikiro cha supaguluu. Makina opangidwira makampani, monga ThinkPad, Latitude ndi EliteBook, ambiri mwa iwo ali ndi chitsulo chochuluka pamene hinjesi imamangidwa, ndipo zipangizo zake zimapezeka msanga kwa okonza, choncho yakale ya mtundu umenewu imatha kukhalitsa kuposa yonyezimira yotsika mtengo.

Kunyumba kwanga chogwedera si laputopu, ndi chitseko cha sefa chotchinga udzudzu. Njira zake n'zomwezi?

Kumeneko zinthu n'zosavutirapo, ndipo m'dera la madambo ngati la Chilwa, kumene udzudzu suchoka, mpata wa pachitseko si wosekerera. Sikuluwu ikamangozungulira m'thabwa, ndiye kuti bowo lakula. Chotsani sikuluwu, tengani timitengo ta machesi tochotsa mitu kapena sengani tizidutswa ta nsungwi youma, tiviikeni mu guluu woyera wa akalipentala, tikhomereni m'bowo mpaka lidzaze, dulani zotsalira kunja. Guluu akauma, boolani kanjira kakang'ono ndi msomali wowonda, n'kumanga sikuluwu. Mukapeza yotalikirapo ndi bwino kwambiri, chifukwa imakagwira thabwa latsopano mkati. Pomanga, ikani kathabwa kunsi kwa chitseko kuti kulemera kwake kusakokere hinjesi pansi, ndipo donthezani oyilo pa hinjesi ngati ili ndi dzimbiri.

Nsonga ya sikuludiraiva ikamalowa m'felemu mosavuta, ndiye kuti thabwalo ladyedwa ndi chiswe kapena lawola ndi chinyezi, ndipo machesi sathandiza. Sunthirani hinjesi m'mwamba kapena m'munsi masentimita angapo pamene thabwa lidakali lolimba, kapena itanani kalipentala adule mbali yowolayo alowetsepo chidutswa china.